Tinthenga ta Kuseri kwa Mutu wa Tambala

A Stafford Makina amakhala kumapeto kwa mudzi wathu, pamene minda ya nandolo imalekezera ndipo miyala ya phiri la Mulanje imayambira. Ndi bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, wa zaka makumi asanu ndi awiri. Pakhonde pawo pali katebulo komwe anakhomerapo kachitsulo kopanira mbedza. Akakhala pamenepo m'mawa, dzuwa lili kumsana kwawo, anthu opita kuchigayo amangopereka moni n'kudutsa. Amadziwa kuti a Makina akumanga ntchentche.

Si ntchentche zouluka ayi. Ndi mbedza yovekedwa nthenga ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo kotera pamadzi. Pamwamba pa phirili pali mitsinje yozizira momwe muli nsomba yotchedwa tirauti, yomwe inabwera ndi azungu akale. Nsombayo anthu saiwedza ndi nyongolotsi monga timachitira ndi mlamba kuchigwa. Imadya touluka togwera pamadzi, ndipo imayamba yayang'anitsitsa isanameze. Ikangoona kuti kachilomboko kapendekeka kapena miyendo yake yatalika, imabwerera pansi pa mwala.

N'chifukwa chake ntchito ya a Makina ndi ya muyeso. Mchira wa ntchentche utalike mofanana ndi msana wa mbedza. Thupi lisafike pa kabowo kolowetsa chingwe, pasiyidwe malo. Ndiye pali nthenga ya m'khosi mwa tambala, yomwe amaikulunga kuzungulira mbedza kuti ubweya wake uime ngati miyendo. Ubweya umenewu uzitalika ngati kukamwa kwa mbedza ndi theka lake, osapitirira, osaperewera. Ukatalika, ntchentche imagwa chammbali. Ukafupika, imamira. Ukakhala wofewa, umamwa madzi. Asanamange, a Makina amapinda nthenga pa mbedza n'kuona pomwe ubweya wafika. Nthenga zambiri zimathera pansi pa tebulo.

Mbedza zili ndi manambala. Nambala ikamakwera, mbedza imachepa. Ya 10 ndi yotalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ya 18 ikhoza kubisala kuseri kwa kambewu ka mpunga. Nthenga yoyenera nambala 18 imapezeka malo amodzi okha, kuseri kwa mutu wa tambala, pomwe khosi limayambira. Ndi tinthenga toonda ngati udzu wa tsekera wongophuka, tosaposa makumi awiri kapena atatu pa tambala yense. Ndipo si tambala aliyense ali nato.

A Makina anabadwa mu 1954. Makolo awo anachoka ku Mozambique wapansi, analima tiyi wa eni ake kuseri kwa phiri, kenaka anapeza malo kuno ku Phalombe. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Stafford anayamba kunyamulira katundu alendo okwera phiri kukawedza. Tsiku lina ntchentche ya mlendo wina inamasuka. Mlendoyo anaitaya pamwala. Stafford anaitola, anasolola ulusi pa malaya ake, naimanganso ndi zala zokha. Mlendo uja anaitembenuza kangapo m'dzanja, nafunsa mnyamatayo ngati anafikapo ku Limbe.

Ku Limbe kunali nyumba yaitali ya malata momwe anthu makumi atatu ankakhala m'mizere kumanga ntchentche zotumiza kunja. A Makina anakhalamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Nthenga zinkabwera pa ndege, makosi athunthu a atambala osendedwa ndi kuumitsidwa, onunkha mankhwala a njenjete. Patapita zaka zochepa, mbedza zing'onozing'ono zonse zinkapita pa tebulo la a Makina. Anzawo ankati zala zawo zili ndi maso. Iwo sanaponyepo ntchentche m'madzi ndi kamodzi komwe, ndipo tirauti analawa kawiri kokha moyo wawo wonse. Amati sinapose matemba.

Nyumba ija itatsekedwa, a Makina ananyamula kachitsulo kawo ndi kabokosi ka mbedza n'kubwerera kwa akazi awo, a Loyce, cha ku Chiringa. Ana analibe. A Loyce atamwalira mu 2004, akuchikazi anawasudzula mwaulemu, ndipo iwo anabwerera kumudzi kwa mayi awo, komwe kunali mlongo wawo, a Belita. Anawapatsa malo kumtunda, pamiyala. Nyumba ya a Belita inali kumunsi, pafupi ndi khwawa.

Anyamata operekeza alendo m'phiri ankabwera kudzatenga ntchentche kwa a Makina, makamaka nyengo yozizira. Ankatenga za nambala 10 ndi 12, chifukwa ndi zokhazo zomwe nthenga za atambala akumudzi zimalola. Koma ankadandaula kuti mu Julayi madzi akayera mpaka kuoneka mchenga wa pansi, nsomba zimakana ntchentche zazikulu. A Makina ankangogwedeza mutu. M'kabokosi kawo munali mbedza khumi ndi ziwiri za nambala 18, zokutidwa m'pepala la mafuta. Chichokereni ku Limbe anali asanamangepo ndi imodzi yomwe.

Ndiye anaganiza zodzipangira tambala wawo. Ankayenda m'misika, ku Chiringa, ku Phalombe, mpaka kumalire, osayang'ana kunenepa kwa nkhuku koma kupenda khosi. Ogulitsa ankadabwa kuona mkulu akuuzira mpweya kuseri kwa mutu wa tambala. Akapeza wa nthenga zoonda ndi zolimba, ankamuphatikiza ndi thadzi la mtundu womwewo. Anapiye akakula, ankasankha mmodzi, ena onse n'kuwapereka kwa mlongo wawo. Chaka ndi chaka ubweya unkafupikirako pang'ono. Nthenga inafika pa nambala 14. Patapita zaka zina inafika 16. Kawiri konse chitopa chinawabwezera m'mbuyo.

Khola linali kwa a Belita, poti pamiyala pa a Makina pamadutsa likongwe. A Belita ndiwo ankatsegula ndi kutseka, ndipo pakamwa sankasunga.

"Achimwene, anzanu amaweta nkhuku kuti adye. Inu mukuweta kuti muziiuzira m'khosi ngati mbaula."

"Musiyeni ameneyo, achemwali. Ameneyo ndi bambo wa mtundu."

"Bambo wa mtundu woonda chonchi? Mukamupha msuzi wake ungakwane mbale imodzi?"

Mu Febuluwale 2023, chimanga chitamasula ngayaye, a Makina anaika mazira asanu ndi anayi a nkhuku zawo pansi pa thadzi la a Belita, lomwe linkadziwa kufungatira. Anaswa onse. A Belita anagwada pa dengu, mwana wawo Dave ataima pambali, natola kamwanapiye kotuwa ngati phulusa.

"Nkhuku yanga yakhalira mazira a eni ake milungu itatu, nayo ilandire gawo. Aka ndi kanga. Kakadzakhala tambala, ndi wa pa chinkhoswe cha Dave. Mwina akamva kuti tambala alipo kale afulumira kupeza mkazi."

Dave anaseka. A Makina anasekanso, nati, "Tengani, achemwali."

Mwezi wotsatira kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa osapuma. Tsiku lachiwiri a Belita anakwera kumiyala atafunda thumba, dengu lili pamutu. Anati khola likudontha, anapiye afa ndi chisanu, akhale pakhonde la achimwene mpaka kuche bwino. A Makina anawauza kuti akhale, aothe moto. A Belita anati asiya kalongonda pamoto, ndipo Dave ali kunyanja, pakhomo palibe munthu. Anatsika.

M'mawa mwake phiri linabangula. Akuluakulu omwe anaona napolo wa 1991 anadziwa phokosolo. Madzi, matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe zinatsata khwawa lija. Pomwe panali nyumba ya a Belita, khola, ndi nyumba zina zinayi, panatsala mchenga ndi miyala yoyera. A Belita anawapeza patapita masiku anayi, kutali, m'munda wa mpunga wa munthu wina.

Mwa anapiye asanu ndi anayi aja, asanu ndi mmodzi anafa sabata yomweyo ndi kuzizira. Wina anatengedwa ndi kabawi. Wina anapita ndi chitopa mu Okutobala, kunja kukutentha. Anatsala wotuwa uja, ndipo anali tambala. Ankagona m'nyumba mwa a Makina, pansi pa tebulo.

Chaka chomwecho maso a a Makina anayamba kuchita mdima. Lamanzere linatsogola. Kuchipatala anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi mtsempha wa diso womwe ukufa pang'onopang'ono. Anawapatsa mankhwala odonthezera oti achedwetse. Lamanja linkaonabe pakati pokha, ngati munthu wosuzumira m'bango.

Tambala uja atakwana chaka, mvula ya 2024 ikutha, anayamba kuthothoka nthenga zaubwana. Mu Epulo zatsopano zinatuluka, zili m'timakoko, magazi ali kuphata. A Makina anamugwira padzuwa, nauzira kuseri kwa mutu, nayandikiza diso lamanja. Tinthenga tina tinali titayamba kutseguka kunsonga. Ubweya wake unali waufupi, wolimba, wonyezimira ngati mame. Anatenga mbedza imodzi ya nambala 18, naiyandikiza osazula kanthu. Patatha zaka makumi awiri, muyeso unali utakwana.

Koma nthenga yosakhwima simangika. Ukaizula magazi ali kuphata imathyoka poikulunga, ndipo ubweya wake umanyala. Imakhwima chisanu chikalowa, kumapeto kwa Juni kapena mu Julayi, chiperoni chikamatsika m'phiri. A Makina anawerenga milungu. Diso lamanja likanatha kudikira mpaka pamenepo. Chaka chinacho, sankadziwa.

Chimanga chili pa mikukwe, Dave anabwera ndi njinga yake yonyamulira nsomba. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anakhala pamwala, chipewa chili pabondo.

"Amalume, ndapeza munthu. Dzina lake ndi Jenifer, kwawo ndi kuchigwa, kolima mpunga. Akwawo avomera. Akuti chinkhoswe chikhale Loweruka lachitatu la Meyi."

"Wachita bwino, mphwanga. Mayi ako akanavina."

"Nkhoswe wanga ndinu. Palibenso wina."

"Ndikudziwa."

Dave anayang'ana tambala yemwe ankapalasa pansi pa mpoza. A Makina anaona komwe akuyang'ana.

Pa chinkhoswe, nkhoswe wa mwamuna amanyamula tambala, wa mkazi amanyamula msoti, n'kusinthana pamaso pa anthu. Tambalayo amakhala wa akuchikazi. A Makina anafunsa ngati tsikulo silingasunthe kufika mu Julayi. Dave anati amalume ake a Jenifer, a Chikondwero, amagwira ntchito kutali ndipo tchuthi anapatsidwa cha Meyi basi.

Tsiku la msika a Makina anakwera kabaza kupita ku Chiringa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anasankha tambala poyang'ana chifuwa. Anabwera ndi wofiira, wamkulu, wa mchira wogwera pansi, namumangirira mwendo pa mpoza. Dave atabweranso anamuonetsa.

"Taona uyu. Akuchikazi akamuona adziwa kuti kwathu kuli anthu. Winayu ndi mafupa okhaokha, angatichititse manyazi."

Dave anamunyamula wofiirayo, namuyesa kulemera, namubweza pansi.

"Ndi tambala wabwino, amalume."

"Ndiye basi."

"Koma amayi sanamuone ameneyu."

A Makina anayamba kulongosola za nthenga, za chisanu, za milungu isanu ndi umodzi yokha. Dave anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi.

"Amalume, m'nyumba muja simunatuluke kanthu. Ngakhale chitenje chawo chimodzi ndilibe. Chithunzi ndilibe. Chomwe anagwira ndi manja awo n'kunena kuti ichi ndi cha Dave, ndi chimenecho chikupalasa apocho. Mukakana sindilimbana nanu. Ndinu amalume anga."

Anakwera njinga n'kumapita.

Masiku otsatira a Makina ankamugwira tambala wotuwa m'mawa uliwonse. Kamodzi anafika potsina kanthenga kamodzi ndi zala. Kanatuluka ndi dontho la magazi, ndipo atakapinda pa mbedza kanathyoka pakati. Akanati azule tonse, akanapeza zinyalala, ndipo tambala akanapita kwa apongozi ndi dazi lofiira m'khosi ngati wodwala. Anamupukuta magaziwo ndi chala, namusiya.

Loweruka lija kunacha bwino, mphepo ya masika ikuuluza makoko a chimanga m'njira. A Makina anavala jekete lawo la ku Limbe. Anatsika kuchigwa tambala wotuwa ali m'khwapa. Amayi akuchikazi atamuona anayamba nthabwala zawo.

"Ankhoswe, ameneyu ndi tambala kapena njiwa?"

"Kumapiri kuli njala chaka chino, taonani mwendowo!"

"Mwana wathu azikhuta ndi mwamuna wa kumeneko?"

A Makina anamwetulira, monga nkhoswe ayenera. Nthawi yosinthana itakwana anaima pakati pa bwalo, nanena mawu ochepa. Anati tambalayu anasankhidwa ndi mayi wa mnyamata, ali kamwanapiye, mwezi umodzi madzi asanawatenge. A Chikondwero anamulandira ndi manja awiri, napereka msoti wakuda. Nthungululu zinachedwa pang'ono, kenaka zinamveka.

Munthu sapereka tambala wa chinkhoswe n'kuikapo malamulo. A Makina kwa a Chikondwero sananene kanthu. Pobwerera anangokokera Dave pambali pa njira.

"Ukawapemphe asafulumire kumupha. Adikire chisanu. Ndipo akadzamupha, nthenga zabwinozo undisungire."

"Ndamva, amalume."

A Makina anali atagwira nthenga zaka zoposa makumi asanu. Sanaganize kuti pali munthu yemwe sadziwa kuti nthenga zabwino ndi ziti. Dave anakulira pafupi ndi tebulo lija, koma maso ake anali pa njinga ndi pa nsomba za kunyanja. Anakauza Jenifer mawu omwewo, osaonjeza, osachotsa.

Dave anasamukira kwa mkazi wake, monga mwambo wathu. Juni anadutsa. Nandolo anachita maluwa. Chiperoni chinatsika, phiri linabisika masiku anayi, ndipo pakhonde la a Makina panali msoti wakuda ndi tambala wofiira, yemwe khosi lake silinkawathandiza kanthu. Iwo anatulutsa mbedza khumi ndi ziwiri zija, nazipukuta, nazibwezera m'pepala.

Sabata yachiwiri ya Julayi, dzuwa litangotuluka m'mitambo cha m'ma teni koloko, kabaza anaima kumunsi kwa miyala. Anatsika Jenifer, atanyamula kamtolo kokulunga m'chitenje. Anafika pabwalo, nagwada patali ndi khonde, monga mkazi amachitira kwa akulu akuchimuna.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mayi, kaya inu? Kuchigwa kuli bwanji?"

"Kuli bwino. A Dave ali kunyanja sabata yonseyi. Dzana kunabwera alendo ochokera ku Mozambique, abale a amayi, ndiye tinapha tambala uja. Tinadikira chisanu monga munanenera. Nthenga ndi izi."

Anasendeza kamtoloko ndi manja awiri. A Makina anakaika pa tebulo namasula. Munali nthenga za kumchira, zazitali, zopindika ngati chikwakwa, ndi zina zikuluzikulu za m'mapiko. Zinali zotsukidwa, zoumitsidwa, zosanjidwa kuyambira yaitali mpaka yaifupi, zomangidwa ndi luzi kuphata.

"Ndinasankha ndekha," anatero Jenifer. "Za kumchira ndinazula ndisanamuviike m'madzi otentha, kuti zisaonongeke. Ndinazigoneka pansi pa mphasa kuti ziwongoke. Palibe yothyoka."

A Makina anayendetsa zala pa nthengazo, imodzi imodzi, mpaka yomaliza. Anafufuza pansi pake.

"Mwachita bwino, mayi. Mwasamala kwambiri."

Jenifer anali mkazi wa maso. Anaona kuti mawuwo ndi nkhopeyo sizikugwirizana. Anaona pepala la mafuta lotsegula pa tebulo, ndi timbedza tomwe poyamba anayesa mankhusu. Anayang'ana timbedzato, nayang'ana nthenga zake zotalika ngati mkono wa mwana.

"Bambo, ndikhululukireni kufunsa. Nthenga zimenezi zimalowa bwanji pa tinthu tating'ono chonchi?"

"Sizilowa."

"Nanga zomwe munkafuna ndi ziti?"

A Makina anakhudza kuseri kwa khosi lawo, pansi pa chipewa. "Za apa. Tating'ono kwambiri tija, tomwe timamatirira m'manja pososola."

Jenifer anagwira pakamwa. "Mayo ine. Timene tija tinatayira kudzala limodzi ndi madzi. Ana atentha dzulo posesa."

"Si mlandu wanu. Ndine amene sindinanene bwino."

"Koma a Dave anati zabwinozo."

"Ndi mmene ndinanenera ine. Inu mwabweretsa zabwino zomwe aliyense angasankhe."

Msoti wakuda unadutsa pakati pawo. Jenifer anapempha chitenje chake kuti azipita. A Makina anachinyamula kuti amupatse, mtolo wa nthenga n'kugubuduzika pa tebulo.

"Dikirani, bambo. Pa mfundo ya luzipo pali kanthu."

"Sindikuona."

"Ndinamanga manja ali onyowa, pomwe tinkasosolera pomwepo. Pamatirira tinthenga."

A Makina anapapasa mfundoyo koma zala sizinapeze. Anatembenukira komwe kunali mkaziyo.

"Mayi, mwambo utikhululukire lero. Sendererani kuno. Maso anu ndi amene akufunika."

Jenifer anazengereza, kenaka anakwera pakhonde nagwada pambali pa tebulo. Anamasula luzi ndi zikhadabo, pang'onopang'ono. Anatulutsa tinthenga titatu, totuwa, tomata. A Makina anatiuzira mpweya, natiwongola pakati pa zala, natiika padzuwa. Kenaka anapana mbedza ya nambala 18 pa kachitsulo.

Koyamba kanali katapsa ndi madzi otentha, ubweya wake utapotana. Anakaika pambali. Kachiwiri anakapinda pa mbedza.

"Ubweyawo wafika pati? Yerekezani ndi kukamwa kwa mbedza."

"Wapitirira. Ngati kawiri ndi theka."

"Ndi ka nambala 14. Kanachokera kumunsi pang'ono. Tidula mchira pamenepa."

Anatenga kachitatu. Kanali kakafupi kuposa chala chaching'ono, koonda ngati singano. Anakapinda.

"Nanga apa?"

Jenifer anayandikiza nkhope. "Kukamwa kwa mbedza, ndi kupitirira pang'ono. Theka lake."

"Muonetsetse."

"Theka lake, bambo."

A Makina anapuma mozama. Anatenga ulusi wotuwa nayamba kukulunga. Zala zinkadziwa njira, koma pomwe ziyenera kulekeza sankaona. Jenifer ndiye ankanena. Mchira watalika, bwezani pang'ono. Basi, wafanana ndi msana. Thupi lafika, siyani malo. Pokulunga kanthenga kaja a Makina anasiya kupuma. Kanazungulira kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, osathyoka. Anamanga mfundo, nadula ulusi ndi lezala.

"Tungani madzi m'kapu."

Jenifer anatunga mumtsuko, naika kapu pa tebulo. Madzi atadekha, a Makina anamasula ntchentcheyo, naigwira pamwamba pa kapu, naisiya. Anaweramira, koma diso lamanja linangoona kuwala kwa madzi.

"Yagwa chammbali?"

"Ayi."

"Yamira?"

"Ayi, bambo. Yaima. Yaimira miyendo ndi mchira. Mbedza sinalowe n'komwe m'madzi."

"Gwedezani kapuyo pang'ono."

Anagwedeza. "Ikuyenda ndi madzi. Ikadali chiimire."

A Makina anatsamira khoma. Anakhala choncho mpaka mtambo unaphimba dzuwa ndipo mphepo yozizira inayamba kutsika m'phiri. Kenaka anavuula ntchentche ija ndi nsonga ya chala, naiumitsa ndi mpweya, naiika m'bokosi la machesi.

"Mukampatse Dave. Asakaiponye m'madzi. Mukamuuze kuti ndi ya tambala wa mayi ake."

Jenifer analandira ndi manja awiri, namanga bokosilo pa ngodya ya chitenje. Anatsika miyala chiperoni chikuyamba kuwaza.

Mvula ya chaka chimenecho isanagwe, diso lamanja linatsekeka pakati pomwe. A Makina amamangabe ntchentche za nambala 10, zomwe zala zimatha zokha, ndipo anyamata a m'phiri amabwerabe kudzatenga. Mbedza khumi ndi imodzi zatsala m'pepala la mafuta. Nthenga zazitali za Jenifer sanataye. Anazisomeka m'denga la khonde, pamwamba pa tebulo, ndipo mphepo ya Julayi ikamawomba zimagwedera pamenepo.